Pansi pa Udzu wa Nazale

Fungo la udzu wonyowa landipeza m'mawa uno ndikuyesera kuyenda ndi ndodo, mwendo umene unagwidwa ndi sitiroko ukukanabe. Landikumbutsa nazale ya fodya ya bambo anga ku Msakambewa.

Njere zake zinali ngati fumbi. Bambo atafesa anaphimba ndi udzu, nandipatsa ntchito yothirira. Patapita masiku ndinasuzumira pansi pa udzuwo: dothi lokhalokha! Ndinaganiza kuti madzi anga akokolola fodya yense wa chaka chimenecho. Ndinkathirirabe ndikulira, ndikupempha Mulungu kuti bambo asadziwe.

Pomaliza ndinaulula.

"Iwe, ukufuna fodya amere ukumuyang'ana?" anaseka bambo. "Tagwada apa."

Ndinagwada. Timasamba tating'ono ngati nsabwe tinali ponseponse.

Ambuye, ndikuopa kuti sindidzayendanso. Komabe mawa ndigwiranso ndodoyi, pakuti womeretsa ndinu.