Chimanga changa chinathera pa geti

Chaka chija mvula inathawa chimanga chikumasula, tinakolola manyazi okhaokha. Pofika nthawi yobzalanso, uthenga unabwera kuti mwana wanga wamkazi wachira, khanda lalimuna, koma m'nyumba mulibe chakudya ndipo mabere aphwa. Mwana wangayo anamutenga chitengwa ku Mozambiki, kwawo kwa mwamuna. Ife a ku Zemba, kufupi ndi malire, kumeneko sitikuyesa dziko lina ayi. Chichewa chomwechi, maliro tilira limodzi. Ndili mtsikana ndinkapitako m'njira za m'tchire zimene timati zalewa, osadziwa n'komwe kuti dziko la eni ndaliponda pati.

Koma tsopano maondo. Maondo awa anathera m'munda wa thonje, thonje lake losandigulira ngakhale lata limodzi, koma imeneyo ndisaiyambe, tingagone pano. Ndiye ndinati ulendo uno ndikwera galimoto, ndidutse pamseu ngati anthu ena. Ndinapala pansi pa nkhokwe, kutonola, thumba linadzaza. Amuna anga anasuzumira zotsalazo, anangomanga ng'ombe pa ngolo kundiperekeza kumseu.

Pa geti, pa malire, kapepala kodutsira anandipatsa bwinobwino. Mlandu unali thumba. Bambo wa yunifomu analibaya ndi chala.

"Ambuya, muli chiyani umu?"

"Chimanga, mwananga. Cha m'munda mwanga, sindinabe."

"Pa wailesi simunamve? Chaka chino chimanga sichituluka m'dziko. Ndi ufa womwe."

"Sichipita kudziko ichi, chipita kwa mwana wanga. Ali ndi khanda, mkaka mulibe."

"Ndamva, ambuya. Koma ndikalola inu, a malole ali apowa ndiwauza chiyani? Ntchito indithera lero lomwe."

Sanali munthu woipa, anandipatsa ndi mpando womwe. Nsawa zokazinga zimene ndinamanga pa nsalu anati tengani, zimenezo ndi kamba. Koma thumba, kaya ndibwerere nalo kaya ndilisiye.

Panja panali mayi wina wonenepa, atakhala pa masaka. Zonse anaziona.

"Amayi, misozi ya chiyani? Gulitsani kwa ine, ndalama sailetsa. Tsidya mukagula china, chimanga ndi chimanga basi."

Zinamveka ngati nzeru. Koma mtengo umene anatchula unali wa nthawi yokolola, pamene ino inali njala yeniyeni. Nditakana, iye anangotembenuka n'kuyamba kusenda chinangwa chake. Lole imene inandilonjeza malo inali kuliza huta. Ndinalandira ndalamazo.

Kenaka kusintha. Kumidzi ya mkati kwacha yathu saifuna, afuna yawo, metikashi. Azibambo osintha ndalama aima pansi pa mtengo ndi mitolo m'manja, zala zikuthamanga ngati akutonola. Ine sukulu ndinalekera giredi faivi, koma kuwerenga ndidziwa, thumba la azimayi ku mpingo ndinasungapo ine, silinasowe ngakhale ngwee. Kungoti ndalama imene sunagulirepo mchere sudziwa kulemera kwake. Anandipatsa mapepala okongola, ndinathokoza ndi manja awiri.

Pa msika wa tsidya chimanga ndinachipeza, inde. Anthu a njinga anali kutsitsa masaka ochokera kwathu konkuno, odzera zalewa, fumbi lili mbuu. Ndinatambasula mapepala onse. Wogulitsa anawerenga, nandithirira m'chitenje kamulu koti ndinadzitwika ndekha. Thumba lija pokweza pa ngolo linafuna anthu awiri.

"Onjezaniko, bambo."

"Ambuya, wa njinga alipidwa, oima m'tchire nawo alipidwa. Ine mufuna ndidye chiyani?"

Ndinapeza mwana wanga atagona pa mphasa, khanda likukoka bere lopanda kanthu, kulira kwake ngati kamphaka. Mkamwini anaima patali monga mwa ulemu wake. Anayang'ana kamtolo kanga, kenaka anayang'ana kunjira ngati kukubwera wina ndi zotsala. 

Tinasinja mumtondo, kuphika phala la madzimadzi kuti ufa ukhalitse. Mkaka unabwerako pang'ono, khanda linayamba kutukula mutu. Koma mwezi usanathe tinali kukung'untha lichero. Ndinaona kuti pakamwa panga pakungowonjezera njala, ndiye ndinatsanzika. Ndinatenga mwana wawo woyamba, kamtsikana kongoyamba kuyenda, kuti kakadye kwathu, mayi ake apume. Kanalibe pepala lililonse, choncho ndinakabereka n'kudzera m'tchire, kupumula pa chulu chilichonse.

Khanda lija silinafike pa chimanga chachiwisi. Uthenga unatipeza ataika kale. Kamtsikanako kali pano ndi ine mpaka lero. Mayi ake akatumiza mawu kuti kabwerere, ndimati ayambe akolola, ndimve kuti nkhokwe yadzaza.