Fungo la Manja a Ababa

Kuchipatala anandiuza kuti shuga wanga wakwera, buledi ndizidya pang'ono. Ndimaphikabe wanga wosasa Loweruka lililonse, koma ndikangovundukula mtanda, fungo lake limandibweza kukomboni ya papulazi ya fodya ku Marondera, kumene ndinakulira.

Ababa anali khukhi kunyumba ya mwini pulazi, ndipo manja awo ankanunkhira mtanda wosasa ngakhale atasamba. Tsiku la maliro awo kunabwera gule wamkulu. Chilombo china chinasiya kuvina, chinandiweramira n'kundigwira pamutu. Dzanja lake linali ndi fungo lomwe lija.

"Amayi, ndi ababa!" ndinakuwa.

Amayi ananditseka pakamwa.

"Khala chete, mwanawe," ananong'ona. "Inenso ndalimva."