Chitsamba Chaminga cha Pakhonde Langa

Titasamutsidwa kuchoka ku Lusaka kupita ku Feira, amuna anga ananyamula mabuku awo a ukalaliki, ine ndinanyamula kanthambi m'chitini cha mafuta ophikira. Ndinakathyola pampanda wa mnzanga wina, pomwe maluwa ake ofiira ankatchinga zenera lonse. Ndinakabzala pakhonde la nyumba ya boma imene anatipatsa, pabwalo la fumbi lokhalokha.

Zaka ziwiri ndinkakathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya. Kanakula n'kukhala chitsamba chachikulu, masamba obiriwira bwino, munga wautali utabisala patsinde pa tsamba lililonse, koma duwa ndi limodzi lomwe ayi. Tsiku lina minga ija inang'amba thalauza la amuna anga lopita nalo ku ofesi.

"Meyi akatha popanda duwa, ndidula," anatero. "Kumudzi minga yotere amatchingira mbuzi."

Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinawonjezera madzi.

Mayi wina wa ku Mburuma, amene ankatigulitsa makala, anandipeza ndikukhuthulira chitsambacho ndowa yachitatu. Anatula thumba lake, anayesa munga umodzi ndi chikhadabo, naseka mpaka kukhala pansi.

"Amai, muyesa ni repu iyi? Mtengo wa minga sufuna manzi. Kwathu kusanga ichita maluwa ikamva njota. Mvula yasila, na imwe lekani."

Ndinamvera n'kusiya kuchithirira kuti chimve ludzu, ngakhale manja ankandiyabwa. Nthambi zazitali ndinazidulira ndi mpeni monga anandionetsera, minga ikundilemba m'mikono. Koma dzuwa la ku Feira silidziwa nthabwala. Patapita masabata awiri masamba anayamba kufota ndi kuthothoka ndi ludzu, amuna anga akumangoyang'ana kalendala n'kumatsokomola. Kawiri konse ndinanyamula ndowa, kawiri konse ndinaibweza ili yodzaza.

Meyi ali pakati, ndikusesa m'mawa, ndinaona kanthu kofiira kunsonga kwa nthambi. Ndinataya tsache n'kukuwa, mpaka aneba anathamangira kwathu ndi ndodo poganiza kuti ndaona njoka! Tinawerama tonse kuyang'anitsitsa: timasamba titatu tofiira, topyapyala ngati pepala, pakati pake kaduwa koyera kakang'onong'ono. Ndinavina pomwepo, chitenje chikumasuka, osachita manyazi ndi aliyense. Mwezi usanathe nthambi zonse zinali psuu, ndipo azimayi opita kumtsinje ankaima pamsewu ndowa zili pamutu, ena n'kulowa kudzapempha kanthambi. Aliyense ndinkamupatsa, ndikumuuza monyada ngati katswiri kuti chikagwira asachilere ndi madzi.

Amuna anga za kudula sanazitchulenso. Koma Loweruka lina ndinawamva kumsewu akulongosolera njira dalaivala wa lole amene ankayenera kutibweretsera mipando.

"Mukafika pamphambano, muyang'ane maluwa ofiira pakhonde. Pamenepo ndiye panga," anatero, chifuwa chili patsogolo. "Ninabyala neka."