Mipando ya a Manasseh

Keziya ndinamudziwa akugulitsa mtedza pa Msika wa Lundazi. Atamulemba ntchito yoyang'anira kamyuziyamu kathu ka zosemasema, kachipinda kamodzi kuseri kwa msikawo, tinamuseka kuti wapeza ntchito yolondera fumbi. Alendo sankabwera. Iye anayamba kujambula zosemazo pa foni n'kumaziika pa Fesibuku, ndipo aliyense wolembapo ankamulonjera ngati mlendo wofika pakhomo.

Zokongola kuposa zonse m'chipindamo zinali mipando ya a Manasseh, mmisiri wa ku Chikomeni, yomwe anangobwereketsa. Mkuluyo atamwalira, abale anatumiza mawu kuti mipandoyo ilowa m'katundu wa malemu wogawana, monga mwa mwambo. Keziya anaonda nazo. Ankadziwa kuti wina ukathera m'chigafa cha fodya, wina ku Chipata, ndipo ntchito ya munthuyo sidzaonekanso pamodzi.

Apa m'pomwe ndimamugomera mkaziyu. Sanakangane ndi munthu. Anaika chithunzi cha mpando umodzi n'kufunsa ngati alipo anakhalirapo mpando wa a Manasseh. Mayankho anachita kusefukira. Namwino wa ku Kitwe anajambula womwe mayi ake ankakhalira potonola chimanga. Bambo wina anati anafunsira mbeta atakhala pa woterowo.

Tsiku logawa katundu, Keziya anapita ku Chikomeni, nagwada pamaso pa a Dainess, mkazi wa malemu, n'kuwawerengera mauthengawo abale onse akumva. Mayiwo anapempha kuona chithunzi cha chipindacho. Atachiyang'anitsitsa, anafunsa kuti kapepala kali pamipandopo kakuti chiyani. Keziya anayankha kuti kakuletsa anthu kukhalapo.

"Mwana wanga," anatero a Dainess, "amuna anga sanasemere maso. Alamu anga akalola, isiyeni komweko. Koma anthu azikhalapo."

A Bwezani, mng'ono wa malemu yemwe ankagawa katunduyo, anavomera ndi mutu.

Kapepalako kanali katalembedwa ndi Keziya yemwe, ndipo ife tinkakalipiridwa tikangokhudza mipandoyo ndi chala. Anakang'amba yekha, ine ndikuona. Sabata yotsatira a Dainess anabwera ku boma. Anadutsa mipando yonse yokongola ija n'kukakhala pa kampando kofupika, kokutha m'mbali, komwe amuna awo ankakhalira posema inayo.