Tsiku Limene Agogo a Mulipa Anazula Kiyi wa Pikapu

Ndikawakumbukira agogo a Mulipa, bambo awo a amayi anga, chimayamba kundifikira ndi utsi wa mitengo ya nandolo umene unkafuka kuseri kwa nyumba yawo ku Mbulumbuzi m'miyezi yotentha, pamodzi ndi kulira kwa ndodo yawo ikumenya makoko ouma pa chiguduli, phwa, phwa, mpaka dzuwa kupendeka. Anali munthu wamfupi, wa mawu apansipansi, moti nkhuku zikalowa m'nyumba ankazitulutsa ngati akuzipempha. Sindinawamvepo akukalipira munthu. Kulikonse ankayenda wapansi kapena panjinga, ngakhale ku Mauwa kwa abale awo, ndipo wina akawaimira ndi galimoto ankangokweza dzanja, amvekere, "Pitani bwino, miyendo ndili nayo." Ife adzukulu tinkawaseka mobisa, tinkati ndi uchimidzi.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, amalume a Waisoni, mwana wawo wamwamuna, anagula pikapu yoyera, yakale ndithu, yoti azinyamulira nandolo kupita ku Limbe. Pa msewu wafumbi inkayenda bwinobwino. Koma ikangokwera pa tala, muvi wa liwiro n'kufika pa sikisite, inkayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana, galasi loonera kumbuyo n'kusanduka chifunga. Amalume anapita nayo kwa okonza matayala, anawabalansira onse anayi. Sizinathe. Anasinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, osathanso. Pamapeto pake anangoti, "Ndi ukalamba basi, nayonso ili ndi nyamakazi yake."

Ndiye kunabwera ukwati wa achemwali a Esinati, mdzukulu wawo woyamba, ku Zomba. Agogo anayesa kukana, koma mkwatibwi anabwera yekha kudzagwada pakhonde, ndipo anagonja. Loweruka m'mawa anavala suti yawo yokhayo, yaimvi, yonunkha sutikesi. Kumbuyo kwa pikapu kunadzaza amayi oimba, madengu, agogo aakazi, ndi amayi anga ali ndi khanda pamiyendo. Ine anandiika kutsogolo, pakati pa amalume ndi agogo, chifukwa ndinali wonyamula maluwa ndipo diresi langa loyera silinkafuna fumbi.

Titalowa pa tala wa ku Zomba, kunjenjemera kuja kunayamba. Ndinaona agogo akuwongoka pampando. Anatambasula dzanja kudutsa pamaso panga, n'kugwira chiwongolero ndi zala ziwiri. Kenako anawerama n'kuika chikhatho pansi, pafupi ndi ndodo ya giya.

"Yayamba liti zimenezi?"

"Miyezi iwiri, ababa. Musadandaule, imatero."

"Chiwongolero chili zii. Zikuchokera pansi. Tachotsa phazi pa mafuta."

Amalume anawayang'ana modabwa, koma anachotsa. Kunjenjemera kunasintha, ndipo pansi pathu panamveka gu!

"Pondanso."

Gu!

"Imitsa galimoto."

"Ababa, tachedwa kale, abusa sadikira..."

"Iwe Waisoni! Ndati imitsa!"

Mawu amenewo sindinadziwe kuti angatuluke m'chifuwa chaching'ono chija. Nyimbo kumbuyo inaduka pakati. Ine ndinagwira maluwa anga apepala mpaka kuwafinya. Amalume anapatukira m'mbali, pafupi ndi munda wa nandolo, ndipo galimoto itangoima agogo anazula kiyi n'kuponya m'thumba la jekete.

"Tsikani nonse. Ikani miyala kumatayala."

Tinatsika kukamwa kuli yasa. Ndiye agogo anga, amene sankakwera n'komwe galimoto, anagona chagada pafumbi ndi suti yawo ya ukwati, n'kukwawira pansi pa pikapu ngati munthu wolowa m'nyumba mwake. Ndinagwada kuti ndione. Pansipo panali chitsulo chachitali ngati munsi, chochokera kutsogolo kupita ku matayala akumbuyo. Anachigwira ndi manja awiri n'kuchigwedeza, ndipo chinalira kho, kho, kho.

"Bwera kuno, uone ndi maso ako."

Amalume analowa monyinyirika.

"Iyi ndi shafiti, ndiyo imazunguza matayala akumbuyo. Apa polumikizira pali kachitsulo kopingasa, kolosi. Ukuona fumbi lofiirali? Ndi dzimbiri, girizi anatha kalekale. Kolosi wabwino sagwedera ngakhale pang'ono. Uyu watsala pang'ono kuthyoka, ndipo ndi wakutsogolo. Akathyoka uli pa liwiro, mutu wa shafiti ugwa pansi, uzika mumsewu, galimoto idumpha n'kugudubuzika."

Amalume anatuluka akudzikuntha fumbi, nkhope itachita mdima ndi manyazi pamaso pa anthu onse aja.

"Tingoyenda pang'onopang'ono, Zomba si patali. Komanso inu ababa, za galimoto mwazidziwira kuti?"

Agogo anatuluka, anakhala pansi pomwepo atatsamira tayala. Anayang'ana agogo aakazi. Agogo aakazi anaphimba kumaso ndi chitenje.

"Ndinali dalaivala wa lole ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, iwe usanabadwe," anatero, mawu atabwerera pansi. "Inkanjenjemera chonchi. Ndinaimva milungu itatu, ndinkati ndiiona Lamlungu. Shafiti inagwa pamtsetse. Anafa anthu anayi. Mmodzi anali Rozina."

Rozina tonse tinkamudziwa dzina. Anali mwana wawo woyamba, amene anamwalira ali ndi zaka zinayi, amayi ndi amalume asanabadwe.

"Mayo ine!" anafuula amayi anga. "Ababa, si munati achemwali anafa ndi chikuku?"

Amayi anatembenukira kwa agogo aakazi.

"Amayi, n'zoona?"

"Anali pamiyendo panga," anatero agogo aakazi ali m'chitenje momo. "Monga wakhalira wakoyo."

Amayi anayang'ana khanda lawo n'kukhala pansi mwadzidzidzi. Magalimoto ankadutsa ndi mphepo yawo, ena kutiimbira hutala poona zovala za ukwati. Amalume anavula chipewa, anachipindapinda m'manja, ndipo za kiyi sanafunsenso.

Ife tinakwera minibasi ziwiri zosiyana, tinakafika malumbiro atatha. Ndinayenda ndi maluwa anga ofinyika potuluka m'tchalitchi mokha. Agogo ndi amalume sanabwere. Anakankhira pikapu pabwalo la nyumba ina yapafupi, anabwereka masipanala, n'kumasula shafiti ija. Madzulo titabwerera tinaipeza itatsamira nkhokwe, ataibweretsa yomangirira panjinga ngati mtolo wa nzimbe.

Lolemba amalume anakagula kolosi watsopano ku Limbe. Nditaweruka kusukulu ndinawapeza awiriwo pansi pa mtengo wa mango, shafiti ili pa chipika. Agogo anandionetsa timizere tiwiri timene anakanda ndi msomali asanaimasule. "Ibwerere mmene inalili," anatero. "Ukaitembenuza, injenjemeranso ngakhale kolosi ali watsopano." Anachotsa timawaya totsekera, anagogoda ndi hamala modekha mpaka wakale uja anatuluka. Atatsegula tizivundikiro take, amalume anapuma mokweza. M'malo mwa tizitsulo tosalala tonga singano timene timayenera kukhalamo, munangotuluka phulusa lofiira, ndipo mwendo umodzi wa kolosi unali utang'ambika kupitirira theka. Amalume anauika pa chipika, anaumenya kamodzi kokha, osati mwamphamvu, n'kuthyoka.

"Anthu khumi ndi asanu," anatero amalume motsitsa, akuwerenga amene tinali m'galimoto. Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Agogo anawadikira. Atabwerera, anawapatsa hamala kuti watsopanoyo alowetse okha, iwo akungowongolera ndi chala, akupaka girizi kuti tisingano tija tisagwe. Mawa lake anakaimangirira shafiti ija pa pikapu, timizere tija titayang'anizana, n'kulimbitsa mabawuti anayi mosinthanasinthana. Poyesa, agogo anakwera nawo osapemphedwa. Amalume anatiuza kuti anafika pa sikisite, pa sevente, pa eyite, agogo chikhatho chili pansi njira yonse, ndipo atabwerera pamphambano anangoti, "Yakhala," n'kutulutsa m'thumba mwawo kiyi uja anazula tsiku la ukwati, n'kuwabwezera. Poyesapo amalume anayendera kiyi wapadera.

Galimoto inachira msanga kuposa banja. Amayi anakhala pafupifupi mwezi osaponda pakhonde la makolo awo, ngakhale nyumba zathu zinali zoyang'anana. Ankandituma ine kukapereka ndiwo. Tsiku lina ndinawapeza agogo akupala moto, ndinawafunsa ndi kupusa kwa ubwana ngati apolisi anawamanga. Anati ayi, khoti linati inali ngozi. Kenako anati, "Khoti silinkadziwa kuti ndinaimva."

Agogo anamwalira ndili ku sekondale. Patapita zaka, ine nditakhala kale ndi ana anga, ndinawafunsa amayi ngati anawakhululukira. Anapitiriza kusankha nyemba, osandiyang'ana.

"Bodza lija limandiwawabe," anatero. "Koma akanafuna kulisunga, akanangokhala chete m'galimoto muja. Anasankha ife."

Lero ndimagwira ntchito ku Blantyre, ndipo msewu wa ku Zomba uja ndimaudutsa pafupifupi mwezi uliwonse pa minibasi. Mpando ukayamba kunjenjemera pansi panga, ndimamuuza dalaivala. Ena amaseka, ena amati mayi inu khalani chete. Kawiri konse ndatsikira panjira ndi ana anga, katundu pamutu, anthu akundiyang'ana pawindo ngati wamisala. Mwana wanga wamkulu amachita manyazi, amandikoka chitenje kuti amayi tiyeni tingopirira. Sindinamufotokozere chifukwa chake. Chaka chino akwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndamuuza kuti patchuthi tipita ku Thyolo, kuli manda aang'ono amene ayenera kuwaona.