Mkeka wa pa Kaliyala

Njinga ndinaiyamba chifukwa cha mimba. Atandisamutsa ku Dedza kudzaphunzitsa ku Mangochi, mpunga ndi chambo zinandiyanja mpaka lamba anayamba kundikana. Ndiye ndinalowa kagulu ka opalasa njinga Loweruka: aphunzitsi, makalaliki a kuboma, namwino mmodzi, ndi mtsogoleri wathu, msilikali wopuma ntchito amene ankatiwerenga ngati mbuzi zake pa mphambano iliyonse.

Chaka china, nyengo yotentha, tinapangana ulendo wautali: ku Monkey Bay, kubwerera, kenako kuwoloka Shire mpaka ku Makanjira. Oona zithunzi amati tinkasangalala. Bodza lenileni. Moyo wa pamsewu ndi matako otupa, madzi ofunda m'botolo, kugona pasimenti m'kalasi udzudzu ukukudya, ndi kumuda mnzako chifukwa choti akupuma mokweza. Titapitirira Malindi msewu unaipiratu, mchenga ndi mabampu okhaokha, ndipo nthabwala zinatha. Aliyense ankangoyang'ana tayala la amene ali patsogolo pake.

Dzuwa lili pamutu tinapeza bambo wina akukankha njinga yakuda, tayala lakumbuyo litaphwa. Pa handulo anamangapo masamba, pa kaliyala pali mkeka wokulunga, womangidwa ndi malegeni. Mkekawo unali waufupi. Tonse tinatsika osauzidwa, tinavula zipewa.

Anali msodzi, Myao, ndipo Chichewa chake chinali chofewa. Anatiuza kuti mwana wake wamwamuna wamwalira m'mawa womwewo kuchipatala, malungo. Galimoto sanaipeze, ndipo anafuna kukafika msanga chifukwa kwawo, monga Asilamu, maliro sagoneka. Kalaliki wina anatulutsa foni kuti aimbire kumudzi. Bamboyo anagwira dzanja lake.

"Chonde achimwene, ayi. Mayi ake ndi oyembekezera, masiku atha. Akudziwa kuti mwana akupeza bwino. Ndikufuna ndikalowere kuseri, kwa amjomba, amalume ake a mwanayu, kuti azimayi aakulu ayambe akakhala naye pansi. Akamva ataimirira, nditaya atatu."

Namwino wathu anangogwedeza mutu. Anati bamboyo akunena zoona.

Kuti timate chubu, njinga inayenera kugadamitsidwa, ndiye mkeka unayenera kutsika. Bamboyo anayang'ana mchenga wotentha uja, n'kuyang'ana ife. Sanafune kuti mwana agone pansi, koma ndi iye yekha amene ankadziwa mmene mabawuti a njinga yake yokalambayo amamasukira. Ine ndi amene ndinali pafupi. Anandipatsa ngati mmene amapatsirana mwana wogona m'minibasi.

Ndinakhala pa muzu wa mtengo, mkeka pamiyendo. Sindinaganize za Mulungu kapena za ana anga, ngakhale ndikanakonda kunena choncho. Ndinkangodabwa kupepuka kwake, ndiponso ndinkaopa kusuntha mwendo umene unachita dzanzi. Chubu chinali ndi zigamba zambiri kuposa mphira wake, pena anachita kumanga ndi chingwe. Anzanga anamata, kupopa, mpweya n'kutulukira pena. Anamatanso. Ntchentche zinayamba kubwera ndipo ndinkaziingitsa ndi chipewa. Ndinakwiya kwambiri tsiku limenelo, osadziwa wokwiyira: njinga zathu zinali zodula, zamagiya, koma panalibe ngakhale imodzi yokhala ndi kaliyala, ndipo machubu athu atsopano sankalowa m'tayala lake.

Tayala litalimba, bamboyo anamanganso mkeka, natithokoza mpaka kugwada. Anati tsopano tikhoza kupita, iye abwera pang'onopang'ono. Mtsogoleri wathu anakana. Anati iye chiyambire sanasiyepo munthu pamsewu, ndipo chubu chimenecho sichingadalirike, chikaphulikanso patsogolo adzamuthandiza ndani? Tonse tinavomera, ine ndemwe. Kwathu maliro amaperekezedwa, munthu sayenda yekha ndi mtembo pamene anthu alipo. Bamboyo anangogwira handulo ya njinga yake. Anthu oti akumatira chubu padzuwa ungawathamangitse bwanji?

Tinamuika patsogolo, ife pambuyo, mwakachetechete. Tinkayenda mwaulemu ndithu, ndipo mumtima ndinkamva kuti ulendo wathu wopanda pakewu wapeza ntchito. Chubu chinaphwadi kawiri, kawiri konse tinapopa, ndipo msilikali uja ankatiyang'ana ngati akuti mwaonatu.

Titayandikira mudzi wake, bamboyo anaima pomwe panali kanjira kolowera m'chinangwa. Anati apa ndiye tisiyane, kanjira aka kakafika kuseri kwa amjomba. Tinayamba kugwirana chanza mmodzimmodzi, chifukwa aliyense anafuna kupepesa payekha, ndipo tinali ambiri. Kupepesa kumeneko n'kumene kunatichedwetsa.

Sitinadziyang'ane. Tinali titavala malaya owala, achikasu ndi ofiira, makabudula othina, magalasi akuda, zinthu zoti kumeneko zimaoneka mwina kamodzi pachaka. Ana amene ankatola mango anationa. Anakuwa kuti kwabwera mpikisano wa njinga, ndipo mawuwo anathamanga kuposa ife. Posakhalitsa msewu unadzaza, ana akuwomba m'manja, anyamata akuimba malikhweru, azimayi akutuluka m'mipanda akuseka miyendo ya azibambo akuluakulu ovala zothina. Namwino anayesa kuwakwezera manja kuti akhale chete, iwo ankayesa akuwapatsa moni. Masamba a pa handulo anali atafota, ndipo pakati pa njinga zonyezimira panalibe amene anayang'ana yakudayo.

Bamboyo anayesa kukankhira njinga m'kanjira muja, koma ana anali atatsekamo. Ndinamuona akuweramitsa mutu, akufuna kubisala kumbuyo kwa msilikali.

Kenako m'gulumo munatuluka mayi wina wamng'ono, mimba ili patsogolo, dzanja lina pachiuno, lina litanyamula lichero. Nayenso ankaseka. Anamuzindikira mwamuna wake, nkhope yake n'kuwala, ndipo anadutsa pakati pathu pang'onopang'ono mmene amayendera anthu otopa. Anayankhula m'Chiyao, koma zaka zimene ndakhala ku Mangochi zinandikwanira kumva.

"Mwabwera ndi alendo? Nanga mwana mwamusiya ndi ndani kuchipatala?"

Manja onse awiri a mwamunayo anali pa handulo, chifukwa akanasiya njinga ikanagwa. Mayiyo anamuyang'ana kumaso, kenako maso ake anatsika pa mkono, pa chishalo, mpaka pa kaliyala. Kumbuyo kwake ana anali akuwombabe m'manja.