Wakwathu anandimwetsa wayini tsiku loyesedwa ntchito

Ndachititsidwa manyazi pa shopu ina ya wayini ku Brackenfell kuno ku Kapa, ndipo wondichita zimenezi ndi Mmalawi mnzathu. Dzina la shopuyo sinditchula, amalume andiletsa. Koma nkhaniyi ndinena. Ine sindinazolowere kulemba pagulu lathu lino, ambiri mumangondiona ndikuyankha "ameni" basi. Pepani akuluakulu ngati nditalikitse.

Ndimatsuka mbale pa lesitilanti ina. Anandilowetsa ntchito ndi amalume anga, omwe amaphika pomwepo. Mwezi watha weyita mmodzi anasiya, ndipo amalume anapita kwa madamu, manejala wathu, kukandipemphera malowo. Anawauza kuti mwanayu ndi waulemu, sachedwa, samwa. Madamu anavomera kuti andiyesa Loweruka madzulo. Koma anati pamalo pathu anthu amadya nsomba kwambiri, choncho amafunsa za wayini woyera, kuti uyu ndi wotani, uyu amayenda ndi chakudya chiti. Anati Loweruka lomwelo masana ndipite kaye ku shopu kumene timaoda wayini, chifukwa tsiku limeneli amalawitsa anthu. Anaimbiratu foni kuwauza kuti kukubwera mnyamata wodzaphunzira.

Ine wayini amene ndinkamudziwa ndi wa pa Mgonero yekha. Kakapu kakang'ono, umalandira ndi manja awiri, umamaliza.

Ndinasita shati yoyera, ndinakwera tekisi ku Wallacedene, ndinafika nthawi isanakwane. M'kati munali tebulo lalitali, azungu angapo ataimirira mozungulira, ndi mayi wina wachikulire pafupi ndi pamene anandiimika. Wothira wayini anali mnyamata wovala epuloni yakuda, wamkulu kwa ine pang'ono. Nditangopereka moni m'Chingerezi changa cha ku Dedza, anamwetulira.

"Aaa, wakwathu! Muli bwanji achimwene? Ndinu amene atumizidwa aja?"

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati Mulungu wandikonzera njira, ndifunsa zonse m'chinenero changa.

Patsogolo panga panali jagi ya madzi, kandowa kachitsulo, ndi mbale ya mabisiketi ndi tchizi. Kwathu ukaona jagi, beseni ndi chakudya, sufunsa. Ndinanyamula jagi ndi kandowa kaja, ndinawerama pang'ono, ndinayamba ndi mayi achikulire aja kuti asambe m'manja. Mayiwo anabweza manja awo pachifuwa, akundiyang'ana ngati ndikufuna kuwathira madzi. Ndinacheukira wakwathu uja kuti andithandize.

"Akana, asiyeni. Sambani inuyo achimwene, ukhondo ndi wofunika."

Ndinasamba. Ananena kena kake m'Chiafrikaansi kwa mtsikana amene amagwira naye ntchito, onse anaseka. Inenso ndinaseka nawo. Ndinkaganiza kuti akundilandira.

Anayamba kuthira. Ena ankawathirira pang'ono pansi pa tambula, ine ankandithirira kufika pakati. Ndinaona ngati ndi ulemu wa pachibale. Woyamba anati ndi Chenin Blanc. Ndinafunsa mwakachetechete ngati limenelo ndi dzina la munda kapena la mwini wake.

"Imwani kaye, dzinalo mulimva likafika m'mutu."

Ndinamwa. Ndisaname, anandikomera. Anali wozizira, fungo lake ngati magwafa akupsa. Ndinafuna kufunsa ngati ameneyu ndi woyenera nsomba, koma anali atapita kale kwa azungu aja. Kumeneko ankafotokoza bwinobwino, pang'onopang'ono, akuzunguza tambula, koma Chingerezi chake chinali cha m'mphuno, ndinkangotolapo mawu amodziamodzi.

Kenako bambo wina anakoka kandowa kaja n'kulavuliramo wayini. Ndinadabwa. Munthu wamkulu, pamaso pa anthu, kulavula chimene wapatsidwa? Wakwathu atabwera ndinamunong'oneza kuti kodi bambowo sanamukonde wayiniyo.

"Musawaonere amenewo, ndi amwano. Inu munaleredwa bwino. Malizani."

Akuluakulu, munthu ameneyu anakulira kwathu konkuja. Akudziwa kuti mwana wa kumudzi sangataye chimene wamkulu wamupatsa m'manja. Mzungu akanandiuza zimenezi ndikanati sakudziwa mmene tinaleredwera. Uyu ankadziwa, ndipo anagwira pomwepo.

Wachiwiri anali Sauvignon Blanc, wowawasa, wonunkhira ngati udzu wongotchetcha kumene. Ndinamaliza. Wachitatu Chardonnay, wolemera pakamwa ngati muli batala. Ndinamaliza. Atabweretsa wina amene anati ndi wosakaniza, ndinafunsa kuti asakaniza chiyani ndi chiyani.

"Mukufuna mudziwe zonse lero lomwe? Ndiye ife tizidya chiyani?"

Kuyambira pamenepo onse ankangokoma mofanana. Makutu anatentha. Ndinaona mtsikana uja ataloza foni kwa ine, ndinaimika tambula n'kumwetulira, poganiza kuti ndi chithunzi chokaonetsa madamu kuti ndinafikadi. Pochoka ndinagunda mpando. Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi: ndinathokoza. Ndinaomba m'manja, ndinati zikomo kwambiri achimwene, Mulungu akudalitseni.

Ndinafika ku ntchito ndikuyenda mosamala ngati ndasenza mazira. Madamu anandipatsa thireyi ya matambula kuti ndipite nayo pa tebulo la pakona. Sindinafike. Matambula awiri anasweka, madzi anathira nsapato za kasitomala. Madamu anandiyandikira, ananunkhiza kamodzi kokha, n'kuitana amalume kukhitchini. Anawafunsa pamaso panga kuti kodi uyu ndi mwana wosamwa uja?

Amalume sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anapukuta manja pa epuloni, anayang'ana pansi, anati, "Pita ukagone, mphwanga."

Lolemba ndinafotokozera madamu zonse. Iwo ndi amene anandiuza kuti polawa wayini sumeza, umazunguza m'kamwa n'kulavula, ndipo kandowa kaja ntchito yake ndi imeneyo. Madzi a m'jagi ndi otsukira tambula ndi m'kamwa. Anandiuzanso kuti Chenin Blanc, Sauvignon Blanc ndi Chardonnay ndi mayina a mitundu ya mphesa, ndipo wosakaniza ndi amene aphatikiza mitundu ingapo m'botolo limodzi. Zonsezi anazinena ataimirira pakhomo la khitchini, madzi a mu sinki asanazizire n'komwe. Ndiye wakwathu uja chinamuvuta n'chiyani?

Madamu anaimba ku shopu kuja ine ndili pomwepo. Mnyamatayo anawauza kuti anandichenjeza kuti ndizilavula koma ndinakana, ndipo ndinkapempha ndekha kuti awonjezere. Madamu anandiyang'ana, anati sakudziwa kuti akhulupirire ndani. Malo aja apatsa munthu wina.

Ndinabwerera ku shopu kuja ndekha tsiku lotsatira. Ndinaima panja nthawi yaitali ndisanalowe. Ndinapempha kuonana ndi mwini shopu, mtsikana uja anati kulibe. Ndinafunsa kuti abwera liti, anati sakudziwa. Wakwathu uja anatuluka akupukuta tambula.

"Aaa achimwene, mwakwiya? Inali nthabwala chabe. Kuno ndi ku Kapa, changamukani."

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'tekisi. Onse anathawa. Ndinangoti chabwino, n'kutuluka.

Dzulo mnzanga wa kwaya wanditumizira vidiyo imene mtsikana wa pa shopu uja anandijambula kuyambira pachiyambi. Ndikuoneka nditawerama ndi jagi patsogolo pa mayi aja. Ndikudziwa kuti ena pagulu pano mwaiona kale, ndaona amene mwaikapo tinkhope toseka. Sindikukwiyirani. Ndikanakhala kuti si ine, mwina ndikanasekanso. Ndikungopempha kuti musaitumize kumudzi. Mayi anga amauza anthu kutchalitchi kuti mwana wawo ali ku Kapa ndipo sanasinthe.

Kwa eni shopu, ngati uthengawu ungakufikeni: kodi munthu wotumizidwa kudzaphunzira mumamulandira chonchi? Ndani analola wantchito wanu kujambula kasitomala n'kufalitsa? Mukagulitsa wayini ku lesitilanti kwathu, mukufuna adzamufotokozere anthu ndani, ngati ofuna kuphunzira mukuwasandutsa choseketsa?

Kwa anzanga ofika kumene, amene mukufuna ntchito ya uweyita: mukapita kolawa wayini, idyani kaye, musameze, ndipo musaope kusiya wotsala m'tambula. Kumeneko si mwano.

Ndipo inu achimwene a epuloni yakuda, ndikudziwa kuti muwerenga, chifukwa amene ananditumizira vidiyo akuti muli pagulu pano. Ntchito ija yapita, sindikuifunanso kwa inu. Koma amalume anga agwira ntchito pamalo paja zaka zambiri osanamizapo munthu, ndipo lero madamu akuwaona ngati abodza chifukwa cha ine. Bwerani mudzanene zoona pamaso pa madamu. Khomo la kukhitchini lili kuseri, mudzandipeza pa sinki.